Kupeza tizilombo m'mapapo mwa ana aang'ono odwala cystic fibrosis

Cystic fibrosis ndi matenda akumtundu amene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Dokotala wa ku New York, Dorothy Andersen, ndiye anawafotokoza koyamba mu 1938, ndipo jini yowayambitsa, yotchedwa CFTR, inadziwika mu 1989. Wodwala amakhala ndi makhololo olimba, onanda, amene amamatirira m'njira za mpweya n'kukhala malo oswanirana mabakiteriya monga Staphylococcus aureus, Haemophilus influenzae ndi Pseudomonas aeruginosa. Womalizayu ndiye woopsa kwambiri. Akapezeka msanga angathe kuchotsedwa ndi mankhwala opumira a tobramycin kwa masiku 28, koma akakhazikika kawirikawiri sachokanso, ndipo mapapo amawonongeka pang'onopang'ono.

Chovuta n'chakuti mwana wosakwana zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi sadziwa kulavula makhololo, amangomeza. Komanso angathe kumasewera bwinobwino, osatsokomola n'komwe, m'kati mukuyaka moto. Ofufuza a gulu la AREST CF ku Perth ndi ku Melbourne anapeza kutupa ndi kuwonongeka kwa njira za mpweya mwa makanda a miyezi itatu yokha.

Njira yofala m'zipatala ndi kupaka kathonje kukhosi mwana akamatsokomola. N'njosavuta, koma zimene zili kukhosi si nthawi zonse zimafanana ndi za m'munsi. Yodalirika kwambiri ndi kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera m'mapapo, kuthiramo madzi amchere pang'ono n'kuwapopanso kuti akapimidwe ku labotale. Imeneyi imafuna mankhwala ogonetsa, choncho sangaibwereze pafupipafupi. Ndiponso kafukufuku wa ana 170 ku Australia ndi New Zealand, wofalitsidwa mu 2011, anasonyeza kuti kupereka mankhwala motsatira njirayi sikunapangitse mapapo kukhala abwinopo anawo atafika zaka zisanu.

Pakati pa ziwirizi pali njira yokoka makhololo. Mwana amapuma nthunzi ya madzi amchere wambiri, kenako wachipatala amamugundagunda pachifuwa, ndipo makhololo akasungunuka amawayamwa ndi kapaipi kakang'ono kudzera m'kamwa. Pa kafukufuku wa ku Cardiff wa mu 2018, njirayi inatheka ka 84 pa 100 paliponse, ndipo inapeza tizilombo pa zoyeza 38 mwa 100, pamene kathonje kanapeza pa 14 zokha. Kusiyana kotereku si kochepa, makamaka kwa kholo limene lauzidwa kuti mwana alibe kanthu.

Matendawa ndi ofala kwambiri pakati pa azungu, koma amagwiranso ana akuda, monga zatsimikizika ku South Africa. Kuno ku Africa n'kosavuta kuwasokoneza ndi TB kapena kunyentchera. Mwana wotsokomola kosalekeza, wosanenepa, wochita chimbudzi chamafuta, amene thukuta lake limawawa mchere, ayenera kupimidwa thukutalo. Njira yokoka makhololo si yachilendo mu Africa: madokotala a ku Cape Town akhala akuigwiritsa ntchito pofufuza TB mwa makanda.