Chipikisheni cha pa bwalo la ndege: kuyambira tsitsi mpaka nsapato

Aliyense amene wakwerapo ndege masiku ano akuudziwa mwambo wake. Uvule lamba, ukhuthule m'matumba, foni ndi makiyi uike m'kabeseni, laputopu ituluke m'chikwama, kenaka udutse pa kakhomo kachitsulo kaja uli phee ngati wolowa m'khoti. Kakangolira, wa yunifolomu amati "tambasulani manja", n'kuyamba kukupapasa kuyambira m'khwapa mpaka mu akakolo. Ambirife timachoka pamenepo tikung'ung'udza. Komatu mwambo umenewu si wakale monga momwe timaganizira. Lamulo lililonse la pamzere paja lili ndi chaka chimene linabadwa ndiponso chimene chinalibala, ndipo ife a Malawi tili ndi gawo lathulathu m'mbiri imeneyi limene achinyamata ambiri sakulidziwa.

M'zaka za m'ma 1950 kukwera ndege kunali ngati kukwera sitima ya pamtunda. Munthu ankangoonetsa tikiti n'kulowa, popanda womufunsa za m'thumba. Chinasintha zinthu ndi mchitidwe wolanda ndege zili m'mwamba. Pakati pa 1968 ndi 1972 ndege zoposa 100 za ku America zinalandidwa, zambiri n'kukakamizidwa kukatera ku Cuba. Mu September 1970 gulu la Apalestina la PFLP linakhotetsera ndege zitatu ku chipululu cha Dawson's Field ku Jordan, n'kuziphulitsa litatsitsa anthu onse. Ngakhale zinali choncho, makampani a ndege ankakanabe zosecha munthu aliyense, ati makasitomala angathawe. Chinawagonjetsa ndi cha mu November 1972, pamene amuna atatu analanda ndege ya Southern Airways n'kuopseza kuti akaigwetsera pa malo a nyukiliya a Oak Ridge. Kuyambira pa 5 January 1973 boma la America linalamula kuti wokwera ndege aliyense adzidutsa pa makina ozindikira zitsulo, ndipo chikwama chilichonse cha m'manja chidziunikidwa.

Musaganize kuti zimenezi zinali za kutali. Pa 24 May 1972 amuna awiri a ku Lebanon, mmodzi dzina lake Fouad Kamil, analanda ndege ya Boeing 727 ya South African Airways imene inkachoka ku Salisbury, Harare wa lero, kupita ku Johannesburg. Ankafuna ndalama kwa Harry Oppenheimer, mkulu wa makampani a migodi a Anglo American ndi De Beers, ndipo ankaopseza kuti aiphulitsa. Ndegeyo inadzatera pa Chileka pathu pomwe pano. Okwera ndi oyendetsa atatulukamo, asilikali athu anaiwombera, ndipo awiriwo anadzipereka n'kukalowa m'ndende konkuno.

Tsono munthu ungayembekezere kuti dziko limene laona zoterezi pakhomo pake likhala ndi mantha a mfuti ndi mabomba. Koma chimene alendo a nthawi imeneyo amakumbukira za mabwalo athu ndi china. M'chaka cha 1973, chomwecho chimene America inayamba kusaka mfuti m'zikwama, Nyumba ya Malamulo ku Zomba inakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act. Mayi sankaloledwa kuvala buluku pagulu, ndipo siketi kapena diresi inayenera kuphimba mawondo. Abambo nawonso anali ndi zawo: tsitsi lalitali ayi, mabuluku otambalala kumiyendo aja ayi. Mlendo ankakumana ndi malamulo amenewa asanaone n'komwe phiri la Ndirande. Mzungu wa tsitsi logwera m'mapewa ankapatsidwa ziwiri, ametedwe pomwepo kapena abwerere kumene wachokera. Mayi wotsika ndege atavala buluku ankauzidwa kuti asinthe kapena amange chitenje. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pa Chileka kalumo kankakhala ndi eni mudzi.

Akatha kuyang'ana mutu ndi mawondo, ankatsegula sutikesi. Chimene ankafuna kwambiri mmenemo chinali pepala. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku, magazini, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mndandanda wa zoletsedwa unali wautali zedi. Buku la oyenda maulendo la Africa on the Cheap, lofalitsidwa ndi Lonely Planet, linaletsedwa chifukwa chosalankhula bwino za Ngwazi. Nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzinalo, poti linali la Mama C. Tamanda Kadzamira. Atolankhani akunja amene analemba zosakomera boma ankatchedwa ma PI, anthu oletsedwa kulowa m'dziko, ndipo ankabwezedwa pachipata.

Mlendo zikavuta ankangotaya tsitsi ndi buku lake. Mmalawi ndiye ankatha kutaya zaka. Akuluakulu amene ankayenda masiku amenewo andiuza kuti munthu wochokera ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam, kumene kunkakhala a Malawi othawa ulamuliro wa chipani chimodzi, ankayamba wadzisecha yekha asanakwere ndege. Nyuzipepala yokulungira nsapato ankaitaya. Kalata yopatsidwa ndi munthu wosamudziwa bwino kuti akapereke kwa abale ankaikana, ngakhale woipereka akulira. Onse ankadziwa kuti pakati pa oima pabwalo paja pali a Special Branch ovala wamba, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Mikuyu sunali mtunda wautali.

Chimake cha zonsezi chinachitika pa bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Pa 6 April 1992, patangotha mwezi ma episkopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 March, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anatsika ndege akuchokera ku msonkhano wa ofuna demokalase ku Lusaka. M'manja anali ndi pepala la mawu amene ankafuna kuwerenga. Apolisi anamugwira pabwalo pomwepo asanamalize. Anamuimba mlandu woukira boma, ndipo anatuluka m'ndende masiku ochepa referendamu ya pa 14 June 1993 isanachitike. Chaka chomwecho lamulo la kavalidwe lija linathetsedwa. Ometa a pabwalo ntchito inawathera pomwepo.

Ife tikulimbana ndi tsitsi ndi mapepala, kunja malamulo ankabadwa ndi maliro. Pa 21 December 1988 ndege ya Pan Am inaphulika pamwamba pa tauni ya Lockerbie ku Scotland n'kupha anthu 270. Bomba linabisidwa mu wailesi ya kaseti m'sutikesi. Mu September 1989 ndege ya kampani ya UTA yochokera ku Brazzaville kudzera ku N'Djamena inaphulika m'chipululu cha Niger, anthu 170 n'kuthera momwemo. Funso lija loti "mwalongedza nokha katunduyu?" limalemera chifukwa cha ngozi zoterezi. Pa 11 September 2001 amuna 19 analanda ndege zinayi ku America ndi timipeni, n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Mu November chaka chomwecho boma la America linakhazikitsa bungwe la TSA, ndipo ntchito yosecha, imene kale inali ya makampani olembedwa ndi eni ndege pa malipiro otsika, inakhala ya boma. Mu December 2001 Richard Reid anayesa kuyatsa bomba la mu nsapato pa ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami, ndiye gwero la kuvula nsapato. Mu August 2006 apolisi a ku Britain anagwira gulu limene linkafuna kuphulitsa ndege ndi mankhwala amadzimadzi a m'mabotolo a zakumwa, ndipo kunabadwa lamulo la mamililita 100. Pa Khirisimasi ya 2009 Umar Farouk Abdulmutallab wa ku Nigeria anabisa bomba m'kabudula wamkati pa ndege yochoka ku Amsterdam kupita ku Detroit, ndipo makina ounika thupi lonse anafala.

Ine lamulo la mamililita 100 linandidyera botolo la tsabola wa kambuzi pa bwalo lina, limene mayi anga anandipatsira mchemwali wanga. Ndinayesa kudandaula. Mtsikana wa yunifolomuyo anangoti, "Pepani bambo, ndikaliloleza ine, kamera iyo yandiona, mawa ntchito ndilibe." Ndinalisiya. Iye sanalembe lamulolo, monganso wometa wa pa Chileka sanalembe la tsitsi. Onse awiri ndi manja chabe a chimene boma la nthawi yawo likuopa. Kusiyana kwake kuli pa funso limodzi limene wokwera ndege aliyense ayenera kufunsa: kodi chipikisheni ichi chikuteteza ine amene ndikukwera, kapena chikuteteza wolamula kuti asamve zimene safuna kumva? Botolo langa linatsala chifukwa anthu ena anafunadi kupha okwera ndege ndi mabotolo. Walira mvula walira matope. Koma tsitsi la mlendo ndi pepala la Chihana sizikanagwetsa ndege ya munthu.

Izi sizikutanthauza kuti chipikisheni cha lero n'choyera. Azimayi akuda ku America akhala akudandaula kuti osecha amawapapasa m'tsitsi, m'malukidwe ndi m'madiredi, pamene anzawo a tsitsi losalala akungodutsa. Mu 2015, bungwe loona za ufulu la ACLU litadandaula, TSA inavomera kuphunzitsanso antchito ake pa nkhaniyi. Naye Mmalawi woyenda ndi pasipoti yathu amadziwa mmene zimakhalira ukamakokeredwa pambali kawirikawiri, n'kumauzidwa kuti zangochitika mwamwayi. Pamenepo kudandaula n'koyenera, ndipo dandaulo lipite kwa akuluakulu a bwalo ndi olemba malamulo, polemba tsiku, nthawi ndi chimene chachitika. Kukalipira mwana wa eni amene waima chiimire kuyambira mbandakucha sikusintha kanthu.

Mbiri yomweyi ikutiuza kuti malamulo a pachipata amatha kufa anthu akamafunsa. La buluku linakhala zaka 20 n'kutha. Mu July 2025 America inasiya kukakamiza aliyense kuvula nsapato, ndipo mabwalo ena a ku Britain, monga Edinburgh ndi Birmingham, atagula makina atsopano anachotsa malire a mamililita 100 chaka chomwecho. Amene tinabadwa mochedwa timavula lamba pamzere n'kumaona ngati tazunzika. Tifunse makolo athu zimene iwo ankataya asanafike pamzere womwewo, ndipo tikhale maso kuti wa yunifolomu asadzauzidwenso kusaka mapepala m'zikwama zathu.