Kulowa Dzina: Mbiri ya Gulu la Oyimba la WITCH

Anthu a ku Lundazi adziwa bwino lomwe kuti dzina silifa pamodzi ndi mwini wace. Mfumu Mwase ikamwalira, akuluakulu amakhala pansi nasankha wina wa mbumba yomweyo, namlonga ufumu, ndipo kuyambira tsiku lomwelo iyenso amachedwa Mwase. Momwemonso zimacitika kwa Magodi ndi kwa Mphamba, ngakhale kuti njira ya kusankha wolowa dzina isiyana pakati pa Acewa, Angoni ndi Atumbuka. Koma pa tsiku la kulonga ufumu sipalephera kukhala nkhalamba ina imene imayang'ana mfumu yatsopanoyo ndi kunena camumtima kuti, "Mwase weni-weni ndi uja tinamuika m'manda." Nkhalamba yotere sikuti iderera mwambo ai. Iri kulira munthu amene inamdziwa, ndiponso iri kulira masiku a unyamata wace amene anapita pamodzi ndi munthuyo.

Mlandu womwewu umapezekanso pakati pa anthu okonda nyimbo. Gulu la oyimba likamwazikana, ndipo patapita zaka libweranso ndi dzina lomwe lija koma ena akale mulibemo, omvera amagawikana. Ena amakondwa kuti nyimbo zauka. Ena amadandaula kuti alendo abvala malaya a anthu akufa. M'dziko la Zambia mbiri ya gulu la WITCH ionetsa bwino mlandu umenewu, cifukwa gululi layimba kawiri konse losakwanira: koyamba lopanda woyimba wace wamkulu, ndipo kaciwiri ndi woyimba yemweyo, koma anzace oyamba onse atamwalira.

Tiyeni tiyambe ndi nthawi imene gululi linabadwa. Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964. Masiku amenewo mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo anyamata ambiri ocokera ku Lundazi, ku Chipata, ku Petauke ndi kumadera ena onse anali kupita ku Migodi ndi ku Lusaka kukafuna nchito. M'matauni anamva pa wailesi nyimbo za Beatles, za Rolling Stones ndi za Jimi Hendrix, ndipo mu 1970 James Brown wa ku America anafika yekha kudzayimba m'dziko muno. Anyamata amene anamva zonsezi anatenga magitala a magetsi nasakaniza kayimbidwe kacilendoko ndi kaombedwe ka ng'oma za kwao. Nyimbo zimene zinabadwa pamenepo zinachedwa Zamrock. Ena ochuka pa nyimbozi anali Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, Paul Ngozi ndi gulu lace la Ngozi Family, ndiponso gulu la Amanaz.

Gulu la WITCH linayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinali ndi malembo oyamba a mau a Cingerezi akuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti, tifuna kuutsa cipwirikiti. Pakati pa oyamba ace panali asanu awa: Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa gitala wa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, ndi Emmanuel Chanda woyimba ndi pakamwa. Chanda anali wobvina mwamphamvu ndi wodumpha-dumpha pamaso pa anthu, kotero kuti anamfanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones, ndipo pamenepo panacokera dzina lace lakuti Jagari. Zimbale zao zoyamba zinali Introduction ndi In the Past. Mu 1975 anaturutsa Lazy Bones!!, cimbale cimene ambiri amaciyesa copambana zonse, ndipo mu 1976 panabwera Lukombo Vibes. Inali nthawi yabwino kwa oyimba, pakuti boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri zomveka pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anali kufuna-funa magulu oti awajambule.

Koma akale anati ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Kuyambira 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo anthu anayamba kuwerenga makobidi asanagule cimbale kapena tikiti. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafikanso pakhomo. Mu 1978 asilikari a Rhodesia anaukira malo ena m'Zambia, ndipo pa nkhondo yomweyo Alick Nkhata, mkulu wa oyimba a pa wailesi, anaphedwa ku Mkushi. Boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu la oyimba lopanda usiku liri ngati mlimi wopanda mvula. Eni mabala anaonanso kuti kulipira munthu mmodzi woseweretsa zimbale za disiko nkochipa koposa kulipira anthu asanu ndi zoyimbira zao.

M'masiku obvuta amenewo, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Jagari Chanda anacoka m'gulu. Anakaphunzira pa Evelyn Hone College ku Lusaka nakhala mphunzitsi wa nyimbo. Apa ndi pamene dzina linayesedwa koyamba. Ena a oyamba aja sanalitaye dzinali ai. Anatenga oyimba atsopano, pakati pao Patrick Mwondela woyimba limba, natembenukira ku nyimbo za disiko zimene anthu anali kuzifuna. Mu 1980 anaturutsa Movin' On ndipo mu 1984 Kuomboka. Munthu amene anazolowera Lazy Bones!! akamvera zimbale ziwirizi amapeza kuti magitala aukali aja azirala, ndipo mau a Chanda mulibe. Ndico cifukwa cace kufikira lero olemba mbiri ya nyimbo amagawa moyo wa gululi pawiri, nyengo ya Jagari ndi nyengo ya disiko. Komabe zimbale za disikozo ziri ndi okonda ace, ndipo kwa amene anafika pa msinkhu mu 1980, WITCH weni-weni ndi yemweyo wopanda Jagari. Taonani tsono kuti munthu ali yense amayesa gulu leni-leni lija analimva pamene iye anali mnyamata.

Pambuyo pa Kuomboka gulu linazimirira. Ndipo panafika tsoka loposa kugwa kwa mkuwa, ndilo matenda a Edzi. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wace Masuzyo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi matendawa. Nthendayi inasesa oyimba ambiri a Zamrock m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mwa asanu aja oyamba a WITCH anatsala ndi Chanda yekha. Iye anasiya zoyimba napita kuthengo kukakumba miyala ya mtengo wapatali, nchito imene anthu a ku Lundazi aidziwa bwino, pakuti m'dera lao momwemo anthu amakumba miyala yochedwa aquamarine. Wodziwa nchitoyi adziwanso kuti munthu angathe kukumba caka cathunthu osapeza kanthu. Mwondela naye anakakhala ku England zaka zambiri.

Cimene cinautsa dzinali cinacokera kutali. Osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kufuna nyimbo za Zamrock, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo za nyengo ya Jagari nizisindikizanso. Pambuyo pace Gio Arlotta wa ku Italy anabwera kudzajambula kanema wa moyo wa Chanda, ndipo anadza ndi anyamata awiri a ku Holland, Jacco Gardner woyimba besi ndi Nico Mauskoviç woomba ng'oma. Mu 2017 gulu la WITCH linayenda ulendo woyimba m'maiko a ku Ulaya, ndipo kanema uja anaoneka mu 2019. Mwondela anabweranso m'gulu. Motero anthu awiri a nyengo ziwiri zosiyana zija anaima pamodzi, wina amene anacoka ndi wina amene analowa iye atacoka, ndipo kumbuyo kwao kunali anyamata amene anali asanabadwe pamene Lazy Bones!! inaturuka.

Apa dzina linayesedwa kaciwiri, ndipo nkoyenera kuti timve mbali zonse monga amacitira pa bwalo la milandu. Wodandaula ali nao mau ace. Nyimbo za WITCH sanazipange munthu mmodzi ai. Mutu umodzi susenza denga. Kulira kwa gitala wa Mbewe ndi dzanja la Sinkala pa ng'oma zinali mbali ya nyimbozo monga momwe analiri mau a Chanda. Mlendo waluso angathe kuphunzira kakhudzidwe ka nsambo zonse, koma sanagone m'komboni ya ku Kitwe, ndipo sanayimbepo kwa anthu a mu mgodi pa tsiku la malipiro. Palinso cowawa cina: oyamba aja anafa dziko lakunja lisanawadziwe, ndipo m'manja mmene anthu a ku Ulaya amaombera lero iwo sanamumve. Munthu amene anawaona ku Kitwe mu 1975 akaona mlendo ataima pa malo a Mulenga, mtima wace ungathe kuwawa, ndipo palibe amene angamtsutse.

Wokondwera nayenso ali nao mau ace. Madzi akatayika saoleka. Akufa aja sangabwere, tsono cosankha ciripo nciwiri cokha: nyimbo ziyimbidwe ndi amoyo, kapena zigone m'bokosi. Kukadapanda ulendo wa 2017 ndi kanema wa 2019, maina a Mbewe, Muma, Mulenga ndi Sinkala akadadziwika kwa nkhalamba zowerengeka zokha. Ndiponso nyimbo za Zamrock kuyambira paciyambi zinali zobwerekana. Anyamata a ku Kitwe anatenga za ku London nazisandutsa zao. Nanga ncodabwitsa ciani ngati anyamata a ku Holland abwera kudzaphunzira kwa mkulu wa ku Kitwe? Ana a Zambia nawonso anatembenukira ku nyimbozi. Sampa the Great anayimba pamodzi ndi WITCH pa cimbale cace ca mu 2022, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family naciika m'nyimbo yace.

Kodi tsono tiweruze bwanji? Mwambo wa kulowa dzina utithandiza. Wolowa dzina la mfumu amabvomerezeka pa zifukwa zitatu: akhale wa mbumba, acule ndi kulemekeza amene anamtsogolera, ndipo aweruze milandu ya lero, osangokhala pa mpando kusimba za makolo. Tikayesa WITCH ndi muyeso umenewu tipeza kuti Chanda ndi Mwondela ndiwo a mbumba, ndipo alendo aja anaphunzira pa mapazi ao. Mbiri ya akufa inasimbidwa m'kanema ndi m'mabuku otsagana ndi zimbale. Ndipo gulu silinakhutire ndi nyimbo zakale zokha. Mu 2023, patapita zaka 39 cicokere Kuomboka, linaturutsa Zango, cimbale cojambulidwa ku Lusaka, mmene munayimbanso Keith Kabwe wa Amanaz ndi akazi a ku Zambia Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo. Mu 2025 panabwera cina cochedwa Sogolo. Gulu longodyera dzina la akufa silibvutika kupanga nyimbo zatsopano zimene anthu angazikane.

Nkhani yotere si ya WITCH yokha. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, Evison Matafale anamwalira mu 2001 ndipo Musamude Fumulani mu 2007, koma gulu la Black Missionaries la ku Chileka linapitiriza ndi abale ao, nilisunga dzina lakuti Kuimba pa zimbale zace, kungoonjezera nambala. M'Zambia muno Chris Chali anamwalira mu 2003, ndipo gulu la Amayenge linatsala m'manja mwa mkazi wace Alice Chali. Ngakhale m'midzi ya ku Lundazi, gule wa muganda, amene anayamba potsanzira perete wa asilikari, wapyola m'manja mwa mibadwo ingapo. Oomba ng'oma oyamba anapita kale, koma pobvina anthu amachulabe gulu ndi dzina la mudzi womwewo.

Pali cinthu cimodzi cimene wolowa dzina ali yense sangathe kubweza, ngakhale akhale waluso cotani, ndico unyamata wa womvera. Nkhalamba imene inabvina WITCH mu 1975 inali ndi miyendo yamphamvu, ndalama za mkuwa m'thumba, ndi anzace amene lero ali kumanda. Ikanena kuti gulu la lero silifanana ndi lakale inena zoona, koma gawo lalikuru la cimene cisowa liri mwa iyo yomwe. Cifukwa cace tisaiseke, ndipo iyonso isaletse ana kubvina.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, nchito iripo pano. Oyimba a Zamrock anatsala pang'ono kuiwalika cifukwa panalibe wolemba mbiri yao pamene anali moyo, ndipo anacita kudza anthu akutali kudzafukula cuma cimene cinali pakhomo pathu. M'mudzi mwanu muli okalamba amene akumbukira yemwe anapeka nyimbo yakuti-yakuti ya muganda kapena ya ciwoda, ndi yemwe anaphunzitsa woomba ng'oma wa lero. Pitani mukawafunse akali moyo, ndipo mulembe mainawo m'buku. Tsiku limene gulu la kwanu lidzaima pa bwalo lopanda mmodzi wa eni ace, padzakhala munthu wodziwa kuchula amene anaima pamalopo kale.