MLENDO WA PA NJUYU: MBIRI YA WILLIAM KOYI

Anthu ambiri akamva mau akuti mishoni aganiza za chalichi ca njerwa, belu lolira m'mawa, cipatala ndi Mzungu wobvala zoyera. Koma mishoni zoyamba sizinali zotero ai. Iri yonse inayamba ndi mlendo wofika pa mudzi wa eni ace, wosadziwa kumene kuli citsime, wopempha malo omangapo kanyumba. Nkhani ino ndi ya mlendo wotere. Iye sanali Mzungu, koma munthu wakuda wa ku South Africa. Dzina lace linali William Koyi, ndipo Angoni anamdziwa ndi dzina lakuti Mtusane.

Koyi anabadwa m'caka ca 1846 pakati pa mtundu wa Axhosa, m'dziko la Cape. Ali mnyamata anacoka kwao kukafuna nchito, monga acitira anyamata obwera ku migodi. Poyamba anali woyendetsa ngolo za ng'ombe, pambuyo pace anagwira nchito m'matauni a Uitenhage ndi Port Elizabeth. Anatembenuka mtima atakula kale, ndipo m'caka ca 1871 anayenda pansi ulendo wa masiku ambiri kunka ku sukulu ya Lovedale. Pa za mabuku sanapose anzace, koma aphunzitsi anaona kuti anali munthu wofatsa ndi wokhulupirika pa nchito iri yonse.

M'caka ca 1875 a Mishoni a ku Scotland anafika pa nyanja ya Nyasa ndi sitima yao yochedwa Ilala, namanga pa Cape Maclear, m'dziko limene lero ndi Malawi. Mishoniyo anaicha Livingstonia pokumbukira Dotolo David Livingstone. Caka cotsatira Dotolo James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale, anafunsa ophunzira ace ngati alipo ofuna kunka kukathandiza kumeneko. Koyi anaimirira nanena kuti maphunziro ace ndi ocepa, koma angathe kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Anasankhidwa pamodzi ndi anzace atatu: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Wauchope anadwala nabwerera msanga, Mngunana anamwalira pa Cape Maclear m'caka ca 1877, ndipo Ntintili anabwerera kwao atagwira nchito zaka zinai. Mwa anai aja anatsala Koyi yekha.

Masiku amenewo mphamvu yaikuru ku mapiri a kumadzulo kwa nyanja inali ya Angoni. Makolo ao anacokera kumwera, naoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, alikutsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira ana ace anapatukana. Mpezeni anadzakhala kumene kuli Chipata lero, ndipo M'mbelwa anakhala m'cigwa ca Kasitu, kumpoto kwa Malawi. Nkhondo za M'mbelwa zinkatsikira ku nyanja kukathira Atonga. Tsono pamene Dotolo Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe m'caka ca 1881, pakati pa Atonga omwewo, anadziwa kuti popanda cibwenzi ndi Angoni nchito yonse idzafera m'mazira.

Apa m'pamene wotema nkhuni uja anasanduka munthu wofunika koposa onse. Cingoni ndi Cixhosa ndi zinenero za pacibale, cotero Angoni pomva Koyi alikulankhula anamva mau onga a makolo ao. Iye anadziwanso mwambo: malonje a kwa mfumu, pokhala mlendo m'bwalo, ndi nthawi yoyenera kukhala cete. Pamene Laws anaonana ndi M'mbelwa koyamba m'caka ca 1879, womasulira mau anali Koyi.

Dotolo Walter Elmslie, amene anakhala naye pambuyo pace, analemba za tsiku lina limene Koyi anatumidwa kukakomana ndi gulu la nkhondo lolinga ku nyanja. Anyamata a zishango ndi mikondo atamuona anayamba kubvina moopsya, alikusendera pafupi. Koyi sanathawe, ndipo sanagwire mfuti. Anakhala pansi m'mbali mwa kamtsinje, nabvula nsapato, nayamba kutsuka mapazi ace. Ankhondo aja anasowa cocita, nakhala pansi naonso. Pomwepo iye anawayamika kuti acita bwino kupumula pa dzuwa lotentha cotero. Onse anaseka, ndipo anthu amene aseka pamodzi sacedwa kuyamba kukambirana. Tsiku limenelo mwazi sunakhetsedwe.

M'caka ca 1882 M'mbelwa analola kuti Koyi akhale m'dziko lace. Anampatsa malo pa phiri la Njuyu, pafupi ndi mudzi wa Hoho, wa banja la nduna yochedwa Chipatula. Caka comweco anafika James Sutherland, Mzungu wodziwa za ulimi; pambuyo pace kunabwera George Williams, Mxhosa mnzace wa Koyi, ndipo Elmslie anafika m'caka ca 1885.

Kupatsidwa malo si kulandiridwa. Angoni anali ndi zolinga zao pa alendowo. Ena anafuna nsaru ndi mikanda. Ena anayesa kuti Buku ndi mankhwala opatsa mphamvu. Ambiri anafuna kuti mishoni isiye Atonga ndi kukhala ya Angoni okha. Koma pa nkhani ya sukulu madoda anakana kwa mtu wa galu. Iwo anati ana akaphunzira mau oletsa kupha ndi kufunkha adzakana kunka ku nkhondo, nanga mtundu udzakhala bwanji wopanda nkhondo? Madodawo sanali opusa. Anaona bwino lomwe kuti sukulu idzasintha dziko lao, ndipo anafuna kuti cinthu cacikuru cotere ciyambe ndi cilolezo ca mfumu ndi nduna zace zonse.

Cotero panapita zaka zinai popanda sukulu ndi popanda munthu mmodzi wobatizidwa. Munthu wa phuma akadamanga katundu ndi kubwerera ku nyanja, kapena akadatsegula sukulu mwamakani. Koyi sanacite zimenezo. Anakhala monga munthu wa pamudzi. Ankapita kwa mfumu ndi kwa nduna kukaceza, ankakhala m'khola la ng'ombe, mmene madoda a Angoni ankakambira nkhani za mudzi, namva zambiri asanayankhe. Anthu ankafika pakhomo pace ndi madandaulo ao, ena ndi cipongwe, ndipo iye anawalandira onse. Pa Sabata ankalalikira kwa amene afuna kumva. Nthawi zina mbiri inkamveka yakuti alendo onse aphedwa, ndipo iwo ankagona ali okonzeka kuthawa, koma m'mawa Koyi ankapita kukalankhula ndi eni dziko mofatsa. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale sukulu inali yoletsedwa, mbeu inayamba kumera mseri. Anyamata ena ankabwera usiku, anthu atagona, kudzaphunzira kuwerenga. Awiri mwa iwo anali Mawelera Tembo ndi Makara Tembo.

Sutherland anamwalira m'caka ca 1885. Dzinja lotsatira mvula inakana kugwa. Angoni anapereka nsembe kwa mizimu ya makolo, koma kumwamba kunali mbee. Potsiriza anapempha a mishoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Mapemphero anacitika mu January 1886, ndipo posacedwa mvula inagwa. Anthu anakamba za cimeneci m'midzi yonse. Patapita miyezi yowerengeka M'mbelwa ndi nduna zace anapangana, natumiza mithenga ku Njuyu kukanena kuti tsopano aphunzitsi ali ndi ufulu wa kuphunzitsa ana ndi kulalikira m'dziko lonse.

Mithengayo inapeza Koyi ali gone pa mphasa, alikudwala kwambiri. Atamva uthengawo anayamika Mulungu ndi mau a nkhalamba Simeoni, amene anaona cimene anaciyembekeza zaka zambiri. Anamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka ngati 40, ndipo anaikidwa pa Njuyu pomwepo. Sukulu imene anaidikira inatsegulidwa kumapeto kwa caka comweco, iye osaiona.

Zotsatira zace zinadza msanga. M'caka ca 1889 mishoni ina inamangidwa pa Ekwendeni, kwa Mtwalo, mbale wace wa M'mbelwa. M'caka ca 1890 Mawelera ndi Makara, anyamata a usiku aja, anabatizidwa, oyamba mwa Angoni a kumpoto. Ndipo m'caka ca 1904 Angoni amenewa analowa pansi pa boma la Angerezi mwa kukambirana, popanda kuomba mfuti.

Kwa abale ao a Mpezeni zinthu zinayenda mwina. Kumeneko kunatsogola Azungu a kampani, amene anakhulupirira kuti m'dzikomo muli golide. Nkhondo inabuka mu January 1898, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa. Mishoni ya Dutch Reformed inafika pa Magwero m'caka ca 1899, dziko litagonja kale. Zifukwa za kusiyana kumeneku n'zambiri, ndipo sizingaikidwe pa munthu mmodzi. Komabe cimodzi cioneka poyera: kwa M'mbelwa anthu acilendo anayamba ndi kupempha malo ndi kudikira yankho la eni ace, ndipo eni acewo anapeza nthawi ya kuwayesa ndi kuwadziwa.

Inu amene mukhala m'makomboni a ku migodi ndi m'matauni, pakati pa Abemba, Alozi, Alamba ndi mitundu yina, mudziwa kulemera kwace kwa kukhala mlendo. Mudziwa kuti mnansi sayang'ana msanga zimene munthu wabwera nazo, koma ayamba wayang'ana makhalidwe ace: ngati apereka moni, ngati afika pamaliro, ngati aphunzira cinenero ca anzace. Koyi analibe cuma, ndipo maphunziro ace anali ocepa. Cimene anali naco cinali ulemu ndi kupirira, ndipo ndi zimenezo anatsegula khomo limene madotolo ophunzira sakadatha kulitsegula okha.