Makina Otsika Mtengo Olembera Chikoreya ndi Ubongo

Makina olembera ndi ubongo ndi zipangizo zimene zimatola timagetsi ta mu ubongo wa munthu n'kutitumiza ku kompyuta, kuti kompyutayo idziwe chilembo chimene munthuyo akufuna popanda iye kugwira kiyibodi. Amene amawafuna kwambiri ndi anthu omwe thupi lawo linafa ziwalo koma maganizo ali bwinobwino, monga ena odwala sitiroko ndi odwala ALS, nthenda yofooketsa minofu imene ku South Korea imadziwika ndi dzina la Lou Gehrig.

Njira yotsika mtengo siifuna opaleshoni. Munthu amangovala tizitsulo pamutu, ndipo kuyeza kotereku kumatchedwa EEG. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye anayamba kuyeza munthu mwanjira imeneyi mu 1924. Timagetsito n'tofooka zedi, timayezedwa m'magawo miliyoni a voti imodzi, choncho kuphethira kapena kuluma mano kumatha kutiphimba.

Makinawa sawerenga maganizo, ndipo ndi bwino kunena zimenezi poyera chifukwa otsatsa malonda amakonda kukokomeza. Makinawo amangoona mmene ubongo ukuyankhira zimene maso akuona. Njira zodziwika zilipo ziwiri. Yoyamba ndi P300, imene Lawrence Farwell ndi Emanuel Donchin anaisonyeza mu 1988. Anaika zizindikiro 36 m'mizere 6 yopingasa ndi 6 yotsika, mizereyo n'kumathwanima mosinthanasinthana. Mzere wokhala ndi chilembo chimene munthu akuchidikira ukathwanima, ubongo umachita ngati wadzidzimuka patangopita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kudzidzimukako n'kochepa, motero kuthwanima kumabwerezedwa kambirimbiri, ndipo makina oyambawo ankalemba zilembo ziwiri kapena zitatu pa mphindi. Yachiwiri ndi SSVEP: batani lililonse limathwanima pa liwiro lakelake, ndipo mbali ya ubongo ya kunkhongo, yomwe imayang'anira za kuona, imatsatira liwiro la batani limene maso ali pamenepo. Mu 2012 gulu la Chang-Hwan Im pa yunivesite ya Hanyang ku Seoul linapanga kiyibodi yotere ndi timababu 30, ndipo mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Tsinghua ku China anafika pa zilembo pafupifupi 60 pa mphindi ndi mabatani 40, koma ndi zida zodula za mu labotale.

Chikoreya chimabweretsa funso lakelake. Zilembo zake, Hangul, anazikonza Mfumu Sejong mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446. Masiku ano zoyambira zilipo 24, makonsonanti 14 ndi mavawelo 10, koma tikawerengera zophatikiza zimakwana 40. Sizilembedwa mondondozana ngati zathu. Zimaunjikidwa m'kabokosi kamodzi ka phatikizo lililonse: konsonanti yoyamba, vawelo, ndipo nthawi zina konsonanti yotsekera pansi. Maphatikizo otheka alipo 11,172. Palibe sikirini imene ingaonetse onsewo akuthwanima, choncho wolemba amasankha chilembo chimodzichimodzi ndipo pulogalamu ndiyo imamanga kabokosiko. Zilembo 40 sizikwananso m'malo 36 a Farwell ndi Donchin, osawerengera batani lofufutira ndi lodumphira mpata.

Apa ndi pamene mtengo wa chida umalowerera m'kalembedwe. Chipewa cha mu labotale chimakhala ndi tizitsulo 32 kapena 64 topakidwa mankhwala othandiza magetsi kudutsa. Zotsika mtengo zili ndi tochepa. Emotiv EPOC ili ndi 14 tonyowetsedwa ndi madzi amchere, Cyton ya OpenBCI ili ndi 8, pamene MindWave ya NeuroSky ili ndi kamodzi kokha pamphumi, kutali ndi kumene zizindikiro zofunikazo zimamveka. EPOC ilibe kachitsulo paliwombo, pomwe P300 imaoneka bwino, koma ili ndi tiwiri kunkhongo, zomwe zimaipangitsa kuyenerera SSVEP. Chida chikamamva movutikira, chimasiyanitsa mabatani ochepa okha. Mabatani akachepa, chilembo chilichonse chimafuna kusankha kangapo.

Anthu a ku Korea anakumanapo kale ndi vuto lofanana nalo pa mafoni a mabatani. Kiyibodi ya Cheonjiin, yomwe inatchuka ndi mafoni a Samsung, imamanga mavawelo onse ndi mabatani atatu okha: kadontho koimira kumwamba, mzere wogona woimira dziko, ndi mzere woimirira woimira munthu, monga mmene Sejong anawapangira. Makonsonanti amakhala pa mabatani 7. Mabatani 10 ndi chiwerengero chimene chida chotchipa chingayesere. Koma taonani mawu akuti "mul", kutanthauza madzi, omwe wodwala angawafune kangapo pa tsiku. Pa kiyibodi ya Dubeolsik ya pa kompyuta amasankhidwa katatu: m, u, l. Pa Cheonjiin ndi kasanu ndi kamodzi, chifukwa m ndi l ndi zilembo zachiwiri pa mabatani awo, ndipo u amafuna mzere wogona ndi kadontho. Chala chimachita zimenezi mosaganiza n'komwe. Kwa munthu amene kusankha kulikonse kumamutengera masekondi angapo akuyang'anitsitsa, kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo kulakwitsa kumodzi kumawonjezera kufufuta ndi kuyambiranso. N'chifukwa chake pulogalamu yolosera phatikizo kapena mawu otsatira ingamuthandize wodwala kuposa kuwonjezera tizitsulo tiwiri pamutu.

Mapulogalamu ena, monga OpenViBE wa ku France ndi BCI2000 wa ku America, ofufuza amawapeza kwaulere, zomwe zathandiza ophunzira kuyesa okha. Komabe zovuta zina ndalama sizizichotsa. Madzi amchere amauma ndipo chizindikiro chimayamba kusokonekera. Kuthwanima kumatopetsa maso, ndiponso kungadzutse khunyu mwa anthu ena. SSVEP imadaliranso kuti munthu athe kuloza maso pa batani, ndipo amene angathe kutero nthawi zambiri amalemba msanga ndi kamera yotsata maso, ngati EYECAN imene Samsung inatulutsa mu 2012. Kwa odwala omwe maso nawonso afooka, ofufuza akuyesa P300 yogwiritsa ntchito phokoso m'makutu kapena kunjenjemera pakhungu, njira zomwe pakadali pano n'zochedwa kuposa za maso.