Dzuŵa la ku Chigwa: Mbiri ya Nyumba ndi Kutentha ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Nkhani yathu ya lero ikuchokera kumunsi kwenikweni kwa dziko lathu. Kwa anthu a kumtunda, Okutobala ndi mwezi wososa m'minda ndi woyang'ana mitambo. Koma mbale wathu wa ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Makhanga mwezi umenewu amauyembekeza ndi nkhaŵa. Adziŵa kuti kukubwera masiku amene mchenga umaotcha mapazi nthaŵi isanakwane 10 koloko, ndiponso usiku umene mwana amalira mpaka tambala woyamba chifukwa m'nyumba muli ngati mu uvuni wa njerwa. Funso lathu ndi ili: ngati dzuŵa limeneli nlakalekale, makolo a kumeneko ankalipirira bwanji, ndipo nchiyani chasintha pakhomo kuti lero liziopsa chotere?

Tiyambe ndi malo eni ake. Pamene mtsinje wa Shire utulukira m'Malaŵi kuloŵa m'Mozambique ndipo potsika koposa m'dziko muno, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Blantyre uli pa mamita oposa 1,000. Mpweya umazizirirapo ndi madigiri pafupifupi 6 munthu akakwera mamita 1,000 alionse, ndipo nchifukwa chake wotsika phiri la Thabwa amavula jekete asanafike pa mlatho wa Chikwawa. Kum'maŵa kwa chigwachi kuli mapiri a Thyolo, kumadzulo kuli zitunda za m'malire, ndipo mvula imagwa yochepa. Koyambirira kwa Novembala dzuŵa limadutsa pa liwombo penipeni, mitambo isanabwere yoti nkuliphimba. Pa nyengo imeneyi kutentha kopitirira madigiri 40 si kwachilendo konse.

Alendo ena amene analemba za chigwachi anachiwona ndi maso a mantha. David Livingstone anakwera Shire m'chaka cha 1859 ndi sitima yake ya Ma Robert mpaka pa mathithi amene tiŵatcha Kapichira. Pambuyo pake panabwera amishoni a UMCA, amene anakhazikika ku Magomero m'chaka cha 1861. Mtsogoleri wawo, Bishopu Charles Mackenzie, anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire. Chaka chomwecho otsala aja anatsikira kwa mfumu Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, ndipo anafika pa nthaŵi yoipa, pakuti chilala cha 1862 ndi 1863 pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapulula anthu ambirimbiri m'chigwamo. Mbusa Henry Scudamore ndi sing'anga John Dickinson anamwalira komweko m'chaka cha 1863, ndipo pasanapite nthaŵi mishoniyo inachoka.

Masiku amenewo Azungu ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo otentha. Zakuti mwini mlandu ndi udzudzu zinatsimikizika m'chaka cha 1897 ndi Ronald Ross. Choncho mankhwala amene iwo anapeza anali kuthaŵira kumtunda. Mishoni ya Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1876, likulu la boma la atsamunda linakhala ku Zomba, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kwa mlendo, chigwa chinali njira yodutsamo mofulumira. Mzungu amene ntchito inamkakamiza kukhala ku Chiromo kapena ku Port Herald ankamanga nyumba ya denga lalitali ndi khonde lozungulira mbali zonse.

Eni nthaka, Amang'anja, ndiponso Asena amene anadza ambiri kuchokera ku Zambezi pothaŵa nkhondo ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, sanathaŵire kumtunda. Anali ndi zifukwa zomveka. Nthaka ya m'mbali mwa Shire inali ya chonde, m'madambo munali nsomba, thonje linkachita bwino, ndipo amayi ankatcheza mchere umene unkagulitsidwa kutali. Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990, anafotokoza kuti moyo wa m'chigwachi unkaima pa miyendo iŵiri: munda wa kumphala wodalira mvula, ndi dimba lodalira chinyezi chotsala madzi osefukira akaphwa. Kumphala ankadzala mapira ndi mchewere, mbewu zopirira dzuŵa, ndipo kudimba ankakolola chimanga, mbatata ndi maungu m'chilimwe. Anthu oti chakudya chawo chili m'chigwa anayenera kuphunzira kukhala ndi dzuŵa, ndipo phunzirolo analilemba pa kamangidwe ka nyumba ndi pa kagaŵidwe ka tsiku.

Taonani nyumba ya makolo. Denga linali la udzu wochindikala, umene salola kutentha kuloŵerera msanga. Pakati pa chipupa ndi denga pankatsala mpata, ndipo mpweya wotentha, umene mwachibadwa umakwera m'mwamba, unkatulukira pamenepo. Zipupa zinali za mitengo ndi bango zomata ndi dothi, zosasunga kutentha kwa masana mpaka usiku. Denga linkatsika kupitirira chipupa ndi kupanga khonde, kotero kuti dzuŵa silinkaomba pachipupa. Komanso nyumba inali yogonamo ndi yosungiramo katundu basi. Kuphika, kusinja, kuluka mphasa, kuomba nsalu ndi kuweruza milandu zonse zinkachitika panja, pamthunzi. Livingstone yemwe analemba za mabwalo a m'midzi ya Amang'anja, okhala pansi pa mitengo ikuluikulu, pamene amuna ankapota thonje akucheza.

Taonaninso mtsuko wa madzi. Mbiya ya dothi imatulutsa timadzi pang'onopang'ono kunja kwake, ndipo timadzito tikamauma timachotsa kutentha kwa madzi a m'katimo. Umu ndi momwenso thukuta limaziziritsira thupi la munthu. Amayi amene ankaika mtsuko pa mchenga wonyowa, pamalo pomwe mphepo imadutsa, ankagwiritsa ntchito nzeru imene lero ana athu amaiphunzira m'kalasi la sayansi. Chigubu cha pulasitiki chimene chaloŵa m'malo mwa mtsuko nchopepuka ndipo sichisweka, koma madzi ake pofika masana amakhala ngati ophitsa.

Tsiku nalo linkagaŵidwa molemekeza dzuŵa. Mlimi ankalaŵira m'mbandakucha, nkuŵeruka dzuŵa lisanafike pamutu, nkubwereranso litapendeka. Masana anali a mthunzi, a thobwa, a madzi a bwemba ndi a malambe. Atsamunda ena poona amuna atakhala pansi pa mtengo masana ankati ndi ulesi, osadziŵa kuti anthuwo agwira kale khasu maola asanu iwo ali m'tulo. Mitengo nayo ankaidziŵa makhalidwe ake. Msangu umaphuka masamba m'chilimwe nkuyoyola m'dzinja, choncho umapatsa mthunzi pa nthaŵi imene munthu ndi ziŵeto aufuna, nkuleka dzuŵa kufika pa mbewu mvula ikagwa. Ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona wopemphererako mvula, mwambo unaletsa kudula mitengo ya m'nkhalango yopatulikayo.

Nanga zinasintha liti? Sizinasinthe tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1930 madzi a Nyanja ya Malaŵi anakwera kwambiri, ndipo Shire, amene kwa zaka zambiri ankayenda mofooka, anadzaza namiza madimba ambiri a m'chigwa. Mabanja ochuluka anasamukira kumphala ndi m'mphepete mwa mapiri, nayamba kuswa minda yatsopano m'nkhalango. M'zaka za m'ma 1960 munda waukulu wa nzimbe unatsegulidwa ku Nchalo, ndipo unakoka antchito ochokera m'maboma ambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira abale athu kuno. M'dziko lonse othaŵa nkhondo anapitirira 1 miliyoni, ndipo Nsanje inali pakati pa maboma amene analandira ambiri koposa. Eni mudzi ndi alendo omwe ankafuna nkhuni, milimo ndi udzu. Pambuyo pake malonda a makala anatha mitengo yambiri ya tsanya. Mudzi umene kale unkabisika m'mitengo unayamba kuonekera patali.

Pa nthaŵi yomweyo denga linasintha. Amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, alimi ogulitsa thonje ndi antchito a pa mwezi ankasonyeza phindu la thukuta lawo pogula malata. Tisaŵaweruze. Malata sadontha, safuna kufolera chaka ndi chaka, sagwira moto ngati udzu, ndipo udzu wofolerawo unayamba kusoŵa. Njerwa zootcha zimalimba pa madzi osefukira kuposa chipupa chomata. Koma nyumba yatsopanoyi inabwera ndi ngongole yake. Lata limatentha kwambiri masana ndi kutsitsira kutenthako pa anthu a m'katimo, makamaka ngati palibe siling'i. Njerwa ndi simenti zimamwa kutentha tsiku lonse nkumakutulutsa usiku. Poopa akuba, mazenera anachepa ndipo mpata wa pansi pa denga unatsekedwa. Kuti malata asachuluke mtengo, khonde linafupika. Tinapeza nyumba yotiteteza ku mvula, koma dzuŵa tinalitsekera m'kati.

Zotsatira zake amazidziŵa mayi aliyense wa ku Chigwa. M'nyumba simugoneka, choncho banja limayala mphasa pabwalo. Pabwalopo pali udzudzu wa malungo, pali njoka ndi zinkhanira, ndipo mayi wokhala yekha ndi ana amaopanso anthu oipa. Anyamata ofuna kuziziritsa thupi mu Shire amaika moyo wawo pakamwa pa ng'ona. Thupi la munthu liyenera kukhala pa madigiri 37, ndipo likalephera kupuma usiku kwa masiku angapo otsatizana, mtima ndi impso zimalema. Oyamba kugwa ndi okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi odwala. Ku Ulaya m'chaka cha 2003 kutentha kunapha anthu zikwi makumi angapo, ambiri a iwo nkhalamba zimene zinafera m'nyumba zawo. Nyumba ikhoza kukhala msampha ngakhale m'maiko olemera.

Pamwamba pa zonsezi, dziko lapansi likutentherako. Akatswiri a zanyengo anapeza kuti chaka cha 2023 chinali chotentha koposa zaka zonse zolembedwa, ndipo cha 2024 chinachiposanso. Mu Okutobala 2023 nthambi ya boma yoona zanyengo inachenjeza kuti kutentha m'Chigwa cha Shire kukhoza kufika madigiri 44. Makina oziziritsa mpweya ndi mafani athandiza ochepa okha, chifukwa ngakhale magetsi amapangidwa pa Kapichira m'boma la Chikwawa momwemo, nyumba zambiri za m'midzi ya m'chigwa zilibe magetsi.

Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Sitikunena kuti tifumule malata nkubwerera ku nyumba za makolo. Tikunena kuti nzeru imene inali m'nyumba zija ikhoza kuloŵa m'nyumba za lero pa mtengo wochepa. Siling'i ya bango kapena ya mphasa pansi pa malata imagwira ntchito imene udzu unkagwira. Denga lopaka loyera limabweza mbali yaikulu ya dzuŵa, ndipo mzinda wa Ahmedabad ku India, umene unakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi kutentha m'chaka cha 2013, wakhala ukulimbikitsa njira imeneyi m'madera a anthu osauka. Mazenera oyang'anana amalola mphepo kudutsa, ndipo timipata ta pamwamba pa chipupa totchinga ndi sefa timatulutsa mpweya wotentha popanda kuloŵetsa udzudzu. Mtengo wa nimu kapena wa mango wodzalidwa chakumadzulo kwa nyumba umatchinga dzuŵa la madzulo, limene limaotcha chipupa koposa. Wogona panja amange neti yake panja pomwepo. Mtsuko ubwerere pakhonde.

Ndipo m'masiku oopsawo tiyang'anirane. Munthu akayamba chizungulire, mutu waukulu, kapena mkodzo ukachepa nkukhala wachikasu kwambiri, apite pamthunzi ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka thupi lili moto, mthireni madzi, mkupizeni, ndi kuthamangira naye kuchipatala. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe pafupipafupi. Agogo okhala okha tiŵazonde masana, osadikira madzulo, pakuti okalamba kaŵirikaŵiri samva ludzu msanga.

Omvera athu a ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Mulanje, musati nkhaniyi nja ku Chigwa kokha. Ku Salima, ku Karonga, ku Mangochi, ngakhale m'mizinda yathu ya nyumba zothithikana, usiku wa Okutobala wayamba kufanana ndi wa ku Nchalo. Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akhala ndi dzuŵa limeneli zaka mazanamazana, ndipo pa nkhani iyi ndiwo aphunzitsi a dziko lonse. Amene mukuumba njerwa chilimwe chino, musanaitane mmisiri, khalani pansi ndi agogo anu muŵafunse mmene nyumba yawo inkapumira.