Koleji ya pa Phiri la Yakobo Woyera: mbiri ya Holy Cross

Sabata ino tiyeni tiwoloke nyanja m'maganizo, tikacheze ku mzinda wa Worcester m'chigawo cha Massachusetts ku America, makilomita pafupifupi 65 kumadzulo kwa Boston. Pa phiri lina loyang'ana mzindawo, limene eni dziko akale ankalitcha Pakachoag koma lero limadziwika ndi dzina la Yakobo Woyera, pali koleji ya College of the Holy Cross. Ndi koleji ya Chikatolika yakale kuposa zonse m'dera la New England, ndipo idakhazikitsidwa m'manja mwa ansembe a chipani cha Yesu, aJezwiti. Ophunzira ake ndi oposa pang'ono 3,000. Cholinga chake ndi kusula munthu yense asanasankhe ntchito: wophunzira amalawa zinenero, filosofi, mbiri, masamu, sayansi ndi maphunziro a za Mulungu. Mlendo wofika pamalopa ayende modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyumba yoyamba kukopa maso ndi Fenwick Hall, ya njerwa zofiira ndi nsanja zake zosongoka. Dzinali ndi la Ambuye Benedict Joseph Fenwick, Episkopi wachiwiri wa Boston. M'masiku awo Akatolika, amene ambiri adali osauka ochokera ku Ireland, ankadedwa kwambiri. Mu Ogasiti 1834 gulu la anthu olusa lidatentha nyumba ndi sukulu ya asisiteri a Ursuline ku Charlestown, pafupi ndi Boston. Choncho Ambuye Fenwick atafuna kumanga koleji, adasankha malo akutali ndi chipwirikiti cha mumzinda. Bambo James Fitton, amene adali atayambitsa kale kasukulu pa phirili, adapereka malowo kwa Episkopi, ndipo mwala wa maziko udaikidwa mu Juni 1843. Ambuye Fenwick adamwalira mu 1846, ndipo manda awo ali pompo pa koleji, pakati pa manda a aJezwiti.

Mavuto sadachedwe. Mu 1849, chaka chimene ophunzira oyamba adatsiriza maphunziro, nyumba ya malamulo ya Massachusetts idakana kupatsa kolejiyi chilolezo chopereka madigiri. AJezwiti a ku Georgetown, ku Washington, ndiwo adapulumutsa zinthu, napereka madigiriwo m'dzina la koleji yawo. Mu 1852 moto udanyeketsa mbali yaikulu ya nyumba ya Fenwick, ndipo maphunziro adayambiranso mu 1853. Chilolezo cha boma chidadzabwera mu 1865, patatha zaka 22 chiyambire kolejiyi.

Tikadalekeza pamenepa, ikadakhala nkhani yokoma ya Akatolika ozunzidwa amene adapirira mpaka kupambana. Koma mbiri yoona ili ndi mbali ina yowawa, ndipo si bwino kuibisa.

Mkulu woyamba wa kolejiyi adali Bambo Thomas Mulledy. Zaka zisanu m'mbuyomo, mu 1838, ali mkulu wa aJezwiti a ku Maryland, iwo adatsogolera kugulitsa akapolo 272 amene ankalima m'minda ya chipanicho. Anthuwo, amuna, akazi ndi ana, ambiri mwa iwo Akatolika obatizidwa, adagulitsidwa kwa eni minda a ku Louisiana pa mtengo wa madola 115,000, ndipo gawo la ndalamazo lidabweza ngongole za koleji ya Georgetown. Akuluakulu a chipani ku Roma adali atalamula kuti mabanja asalekanitsidwe, koma ena adalekanitsidwa ndithu. Nkhaniyi idachititsa manyazi kotero kuti Bambo Mulledy adatula pansi udindo napita ku Roma. Atabwerako, adapatsidwa koleji yatsopano ya pa phiri.

Chodabwitsa n'chakuti wophunzira wopambana onse m'kalasi yoyamba ya 1849 adali mwana wa mayi wa ukapolo. Dzina lake James Augustine Healy. Atate ake, a Michael Healy, adali mzungu wochokera ku Ireland, mwini munda wa thonje ku Georgia, pamene mayi ake, a Eliza, adali kapolo wa pamundapo. Malamulo a ku Georgia ankati mwana wobadwa kwa kapolo ndi kapolo, ndipo kumuphunzitsa kuwerenga udali mlandu. N'chifukwa chake bamboyo adatumiza ana ake kumpoto. James adadzozedwa unsembe ku Paris mu 1854, ndipo mu 1875 adakhala Episkopi wa Portland, ku Maine. Mng'ono wake Patrick adalowa Chijezwiti, nakhala mkulu wa Georgetown kuyambira 1874 mpaka 1882. Lero amawerengedwa ngati oyamba a magazi a ku Africa kufika pa maudindo amenewa ku America, komabe pa moyo wawo sadadzionetse poyera ngati anthu akuda. Khungu lawo lidali loyererako, ndipo ankadziwika ngati ana a ku Ireland. Makolo awo atamwalira mu 1850, akapolo a pamunda paja adagulitsidwa, ndipo gawo la chuma cha Patrick lidathandiza kumanganso koleji itapsa. Motero thukuta la akapolo lili m'makoma amene mlendo amawajambula lero.

Kuchoka ku Fenwick Hall, mlendo amadutsa tchalitchi cha Yosefe Woyera, chotsegulidwa mu 1924, ndi nyumba ya mabuku ya Dinand ya nsanamira zazikulu, kenaka n'kukwera chitunda kukafika ku Hogan Campus Center, kumene kuli sitolo ya mabuku. Polowamo maso amayamba agwera pa majuzi, zipewa ndi makapu a mtundu wa pepo, mtundu womwe uja ansembe amavala pa nyengo ya Adiventi ndi Lenti. Umenewo ndiwo mtundu wa kolejiyi. Alendo ambiri amagula juzi n'kumapita. Koma wofuna kumvetsa malowa afunse mabuku awiri.

Loyamba ndi Fraternity, lolembedwa ndi Diane Brady mu 2012. Limasimba za Bambo John Brooks, mJezwiti wophunzitsa za Mulungu. Martin Luther King ataphedwa mu Epulo 1968, Bambo Brooks adakwera galimoto nayenda m'masukulu a m'mizinda ya kum'mawa kufunafuna anyamata akuda anzeru, nawalonjeza thandizo la fizi pa nthawi imene koleji idalibe ndalama zokwanira. Mwa amene adafika chaka chimenecho mudali Clarence Thomas, yemwe adali atangosiya seminale, ndipo mu 1991 adadzakhala woweruza m'bwalo lalikulu la dzikolo. Moyo sudali wophweka. Mu Disembala 1969 ophunzira akuda ambiri adanyamula katundu wawo nachoka pa koleji podandaula kuti anzawo alangidwa mokondera. Bambo Brooks adathandiza kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo anyamatawo adabwerera. Iwo adakhala mkulu wa koleji kuyambira 1970 mpaka 1994, ndipo mu 1972 adatsegula zitseko kwa atsikana.

Lachiwiri ndi The Known World, nthano yaitali ya Edward P. Jones, mmodzi mwa anyamata a 1968 aja, amene adaleredwa ndi mayi wosadziwa kuwerenga. Bukuli, limene lidapata mphotho ya Pulitzer mu 2004, limakamba za munthu wakuda wa ku Virginia amene atamasulidwa adadzakhala mwini akapolo iye mwini. Wowerenga amene wamva za banja la Healy adzaona kuti nthanoyi sili kutali ndi mbiri ya phirili.

Nanga kolejiyi idachitapo chiyani pa zakale zake? Padali nyumba yogona ophunzira yotchedwa Mulledy. Mu 2016 adaphatikizapo dzina la Brooks, ndipo mu 2020 dzina la Mulledy lidachotsedwa. Mu 2017, ku Georgetown, mtsogoleri wa aJezwiti a ku America ndi Canada adapepesa pamaso pa zidzukulu za anthu 272 aja. Mu 2021 Holy Cross idalandira Vincent Rougeau, mkulu wake woyamba wosakhala wansembe, amenenso ndi woyamba wakuda.

Abale anga, akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ena amamva mwambiwu ngati ukutiuza kuti titseke maso. Ayi, mwana amauona mwendo wa mayi wake, koma samukana. Ophunzira a pa phiri lija amakonda koleji yawo akudziwa za moto wa ku Charlestown, za akapolo 272, za abale a Healy ndi za ulendo wa Bambo Brooks. Ifenso tikamawerenga mbiri ya Mpingo tisasankhe masamba okoma okha. Sabata ino pa mapemphero athu tikumbukire anthu aja amene adakwezedwa m'zombo kupita ku Louisiana mu 1838, akhristu anzathu a ubatizo umodzi.