Sukulu ya Malamulo ya ku Howard ndi Kumene Kunachokera Ulemu Wake

Mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka, muli yunivesite yotchedwa Howard, ndipo ina mwa nthambi zake ndiyo sukulu yophunzitsa malamulo. Sukulu imeneyi sinakhalepo yaikulu kapena yolemera monga zinzake za ku Harvard ndi ku Yale, koma munthu wolemba mbiri ya anthu akuda a ku Amereka sangathe kuilambalala, pakuti m'zipinda zake ndimo munasulidwa anthu amene anagwetsa lamulo lolekanitsa ana akuda ndi ana a Azungu m'masukulu. Nkhani yake itikhudza ife aphunzitsi, chifukwa iyankha funso limene tidzifunsa kawirikawiri, lakuti kodi ulemu wa sukulu uchokera kuti.

Ukapolo unathetsedwa ku Amereka m'chaka cha 1865, itatha nkhondo yapachiweniweni, ndipo anthu pafupifupi 4 miliyoni anatuluka m'goli alibe munda, alibe maphunziro, alibenso wowaimira pabwalo la milandu. Boma linakhazikitsa ofesi yosamalira omasulidwawo, ndipo mkulu wake anali kazembe wa nkhondo, Oliver Otis Howard. Yunivesite imene inatsegulidwa mu 1867 inatenga dzina la munthu ameneyu. Nthambi ya malamulo inayamba mu Januwale 1869 ndi ophunzira asanu ndi mmodzi okha, mkulu wake woyamba ali John Mercer Langston, munthu wakuda wobadwira ku Virginia amene anali atakhala kale loya ku Ohio kuyambira 1854.

Mu 1872 sukuluyi inatulutsa Charlotte Ray, mkazi woyamba wakuda kukhala loya m'dziko lonselo. Iyeyu anatsegula ofesi yake mu Washington, koma anthu sanabwere ndi milandu yokwanira, popeza anali wakuda ndiponso mkazi, kotero kuti anatseka ofesiyo nakaphunzitsa ana ku Brooklyn. Zimene zinamgwera Ray zisonyeza kuvuta kwa zaka zoyambazo. Kwa nthawi yaitali sukuluyi inali yamadzulo. Ophunzira ambiri anali makalaliki a boma ndi antchito ena, amene amafika m'kalasi atatopa ndi ntchito ya usana. Aphunzitsi ambiri anali maloya ndi oweruza ophunzitsa pa nthawi yawo yopuma, ndipo mabuku anali ochepa. Tisainyoze sukulu yamadzuloyo, pakuti inatsegulira khomo amphawi ambiri; koma mabungwe oyesa masukulu a malamulo anali asanaivomereze.

M'zaka zomwezo zinthu zinali kuipiraipira kunja kwa kalasi. Mu 1896 Bwalo Lalikulu la milandu, poweruza mlandu wa Plessy, linati sikulakwa kulekanitsa anthu akuda ndi Azungu m'sitima za pamtunda, malinga ngati mbali zonse ziwiri zilandira zofanana. Zigawo za kummwera zinatsamira pa chiweruzo chimenechi polekanitsa masukulu, zipatala, ngakhale mipopi yomwera madzi. Mawu akuti zofanana anali chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere, chifukwa sukulu ya ana akuda kawirikawiri inali chisakasa chodontha, ya ana a Azungu ili nyumba ya njerwa. Wotsutsa zimenezi pabwalo anali wosowa, pakuti pofika 1930, mwa maloya 100 alionse a ku Amereka, wakuda sanakwane ngakhale mmodzi, ndipo ochepawo ambiri anali m'mizinda ya kumpoto.

Kusintha kunayamba mu 1926, pamene Mordecai Johnson anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera yunivesite ya Howard. Woweruza wina wa Bwalo Lalikulu, Louis Brandeis, anamuuza mosabisa kuti zikalata za milandu zolembedwa ndi maloya akuda zimadziwika ndi kufooka kwake, ndipo kuti mankhwala ake ndi kupeza aphunzitsi enieni. Johnson sanapse mtima, koma mu 1929 anapereka sukuluyo m'manja mwa Charles Hamilton Houston. Houston anabadwa mu 1895 mu Washington momwemo, naphunzira ku Amherst, nakhala ofisala wa asilikali ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kumeneko anaona asilikali akuda akuzunzidwa ndi kuweruzidwa mokhota ndi anzawo omwe a mbendera imodzi, ndipo anabwerako atatsimikiza mtima kuphunzira malamulo. Ku Harvard anakhala wakuda woyamba kulowa m'gulu la akonzi a magazini ya malamulo ya pasukulupo, ulemu umene upatsidwa kwa ophunzira opambana okha.

Chinthu chachikulu chimene Houston anachita chinali chowawa: anatseka sukulu yamadzulo. Anakhwimitsa malamulo olowera, anatalikitsa chaka cha maphunziro, anachulukitsa mabuku, nafuna aphunzitsi ogwira ntchito imodzi yokhayo tsiku lonse. Mkangano unabuka waukulu. Ena mwa aphunzitsi akale anatula pansi udindo, ndipo ophunzira akale anadandaula kuti munthuyu afuna kusandutsa Howard kukhala Harvard, natsekera kunja mwana wa mmphawi amene sangasiye ntchito ya usana. Dandaulo limeneli linali ndi choonadi chake, pakuti chiwerengero cha ophunzira chinatsikadi, ndipo alipo anthu amene akanakhala maloya koma sanakhale. Yankho la Houston linali lakuti loya wophunzira mwatheka aika m'tsoka munthu amene amuimira, makamaka pamene woweruza, mboni ndi loya wa mbali inayo onse ali ndi mtima womutsutsa. Mu 1931 mabungwe awiri aakulu oyesa masukulu a malamulo ku Amereka anaivomereza sukuluyo.

Kaphunzitsidwe kake kanali koopsa, kotero kuti ophunzira anampatsa dzina lakuti Nsapato za Chitsulo. Kulakwitsa kachizindikiro kamodzi m'chikalata iye amakuyesa mlandu, chifukwa kachizindikiro kangathe kutembenuza tanthauzo la chiganizo chonse. Amatenga ophunzira kukaona mabwalo a milandu ndi ndende, kuti adziwe malamulo monga agwirira ntchito pa anthu amoyo, ndiponso amaitana akatswiri onga Roscoe Pound ndi Clarence Darrow kudzalankhula nawo. Koma ukali umenewu unali ndi cholinga, ndipo ophunzira anachidziwa. Iye amaphunzitsa kuti loya angathe kukhala mmisiri womanga mtundu wake, apo ayi akhala ngati nkhupakupa yoyamwa magazi a anthu. Chida cha mmisiriyo chinali ndime ya 14 yoonjezedwa ku malamulo aakulu a dziko mu 1868, imene ilonjeza kuti malamulo adzateteza munthu aliyense mofanana.

Mwa ophunzira amene analowa mu 1930 munali mnyamata wa ku Baltimore, Thurgood Marshall. Sukulu ya malamulo ya yunivesite ya Maryland inali pafupi ndi kwawo, koma sinkalandira anthu akuda. Chotero iye amakwera sitima m'mamawa tsiku ndi tsiku kunka ku Washington. Amake, amene anali mphunzitsi, anapinyolitsa mphete zawo zaukwati kuti ndalama za sukulu zipezeke. Marshall anatsiriza mu 1933 ali woyamba m'kalasi, wachiwiri wake ali Oliver Hill. Patangopita zaka ziwiri, iye pamodzi ndi mphunzitsi wake anasumira yunivesite ya Maryland yomweyo m'malo mwa Donald Murray, mnyamata wakuda amene anakanizidwa malo, ndipo anapambana.

Mu 1935 Houston anachoka ku Howard nakhala loya wamkulu wa bungwe la NAACP, loyang'anira ufulu wa anthu akuda. Nzeru yake inali ya pang'onopang'ono ndi mtolo. Anayenda kummwera ndi kamera ya kanema kujambula masukulu a ana akuda, kuti umboni ukhale wooneka ndi maso. Anayambira milandu pa masukulu a malamulo, podziwa kuti oweruza ambiri anaphunziramo ndipo sanganamizidwe za kusiyana kwa sukulu yabwino ndi yachabe; podziwanso kuti chigawo sichingathe kulipira masukulu awiri ofanana a mtundu wotere. Mu 1938, pa mlandu wa Lloyd Gaines, Bwalo Lalikulu linati chigawo cha Missouri sichingathawe udindo wake mwa kulipirira wophunzira wakuda kuti akaphunzire ku chigawo china. Milandu ina inali ya malipiro a aphunzitsi. Mu 1940 mphunzitsi Melvin Alston wa ku Norfolk anapambana mlandu wotsutsa chizolowezi cholipira mphunzitsi wakuda ndalama zochepa kuposa Mzungu wa setifiketi yomweyo.

Ngakhale Houston anali atachoka, sukulu inakhalabe msasa wa nkhondo imeneyi. William Hastie anaitsogolera kuyambira 1939 kufikira 1946, ndipo James Nabrit anayambitsa phunziro lapadera la ufulu wa nzika, limene masukulu ena anatengera pambuyo pake. Panalinso mwambo wofunika kuutchula. Mlandu usanakalowe ku Bwalo Lalikulu, maloya amayamba ayeseza ku Howard, aphunzitsi atakhala ngati oweruza, ophunzira akuponya mafunso opanda chisoni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pofika tsiku lenileni mafunso ambiri a oweruza amakhala atayankhidwa kale.

Tisaganize kuti sukuluyi inalibe chilema. Pauli Murray, amene anatsiriza mu 1944 ali woyamba m'kalasi yake, ndiye anali mkazi yekha pakati pa amuna, ndipo anapeza kuti anthu omwewo odana ndi tsankho la khungu sanaone cholakwa m'kupeputsa mkazi. Iyeyu ananena m'kalasi kuti nthawi yakwana yoleka kupempha zofanana, ndi kuyamba kutsutsa kulekanitsa kwenikweniko. Anzake anamseka, koma mphunzitsi wake, Spottswood Robinson, anasunga pepala limene analemba, nadzalitulutsa pokonza mlandu waukulu patapita zaka.

Houston anamwalira ndi nthenda ya mtima mu Epulo 1950. Mu Juni chaka chomwecho Bwalo Lalikulu linaweruza mlandu wa Heman Sweatt, amene chigawo cha Texas chinamkonzera msangamsanga kasukulu ka malamulo ka anthu akuda okha. Oweruza anati sukulu siyesedwa ndi zipinda ndi mabuku zokha, koma ndi mbiri ya aphunzitsi ake, miyambo yake ndi ulemu wa amene anaphunziramo. Njira inali itatseguka. Milandu isanu yokhudza masukulu a ana inasonkhanitsidwa pamodzi. Umodzi unachokera ku Clarendon, m'chigawo cha South Carolina, kumene boma limawononga madola 179 pa mwana wa Mzungu ndi madola 43 pa mwana wakuda; wina unachokera ku Prince Edward, ku Virginia, kumene mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake kunyanyala sukulu mu 1951. Marshall, Hill, Robinson, Robert Carter, Nabrit ndi George Hayes, onse ophunzira kapena aphunzitsi a ku Howard, anali pakati pa oimira anawo. Pa 17 Meyi 1954, pa mlandu wa Brown, oweruza onse asanu ndi anayi anagwirizana kuti kulekanitsa ana m'masukulu a boma ndi kuswa malamulo aakulu a dziko.

Koma walira mvula walira matope. Akuluakulu a ku Prince Edward anatseka masukulu onse a boma kuyambira 1959 kufikira 1964 pokana kusakaniza ana. M'madera ambiri a kummwera, posakaniza masukulu, sukulu yotsekedwa inali ya anthu akuda, ndipo aphunzitsi akuda zikwi zambiri, pamodzi ndi ahedi awo, anachotsedwa ntchito. Aphunzitsi amene anasonkha ndalama zawo zochepa kuthandiza milanduyo ndiwo ena mwa amene analipira mtengo wa chipambano. Sukulu ya Howard nayonso inaona masukulu olemera, amene kale anatseka makomo, akuyamba kukopa ophunzira akuda anzeru amene kale akanabwera kwa iyo.

Mbiri yake inafika ndi ku Afirika komwe. Mu 1960 Marshall anapita ku London kukalangiza atsogoleri a ku Kenya pa zokambirana za malamulo aakulu a dziko lawo, ndipo chaka chomwecho Pauli Murray anakaphunzitsa malamulo ku Accra, m'dziko la Ghana. Mu 1967 Marshall anakhala munthu wakuda woyamba kukhala woweruza wa Bwalo Lalikulu, bwalo lomwe lija anaimako nthawi zambiri monga wopempha.

Tsono, anzanga aphunzitsi ndi inu amene mukonzekera ntchito imeneyi, ulemu wa sukulu ya Howard sunachokere ku nyumba zake, pakuti m'masiku a Houston inali m'kanyumba kamodzi kakale pafupi ndi mabwalo a milandu. Unachokera kwa mphunzitsi amene anakana kuchepetsa muyeso pomvera chisoni ophunzira ake, nawauzanso momveka chifukwa chake muyesowo uli wokwera. Ukali wopanda cholinga ukanangobala mantha, ndipo cholinga chopanda luso chikanagonja pabwalo tsiku loyamba. Funso limene Houston anakumana nalo, la kutsegula khomo kwa ambiri kapena kusula ochepa mokwanira, lidzatipeza ifenso m'makalasi athu, ndipo yankho lililonse lili ndi mtengo wake. Chofunika ndi chakuti posankha tidziwe amene adzalipira mtengowo, ndi chimene tifuna kuti ana athu akachite nacho chimene tawaphunzitsa.